Kuphunzira Chihebri Panokha: Mabuku, Mau Ojambulidwa ndi Njira Yake

Akatekisiti ndi akhristu ena okonda Malembo Oyera amatifunsa kawirikawiri ngati munthu amene sanapite ku seminale, ndipo alibe mphunzitsi pafupi, angathe kuphunzira Chihebri, chilankhulo chimene mabuku ambiri a Chipangano Chakale analembedwamo. Yankho lathu ndi lakuti n'zotheka. Mabuku olembedwera munthu wophunzira payekha alipo ambiri, ndipo maphunziro omvetsera amene kale ankapezeka pa makaseti ndi pa ma CD tsopano amalowa m'foni ya m'manja. Komabe ambiri oyamba ulendowu amalekera panjira. Chowagwetsa sichikhala kuchepa kwa nzeru ayi. Ena amagula buku losayenera cholinga chawo, ndipo ena amaphunzira ndi maso okha, khutu ndi pakamwa zili chete. M'nkhani ino tifotokoza zimene munthu ayenera kudziwa asanawononge ndalama zake ndi nthawi yake.

Chihebri chake chiti?

Dzina lakuti Chihebri limaimira zinthu ziwiri zapachibale koma zosiyana. Pali Chihebri cha m'Baibulo, chimene Aisraele akale ankalankhula ndi kulemba, ndipo pali Chihebri cha makono, chimene chimalankhulidwa lero m'dziko la Israel. Kwa zaka mazana ambiri Ayuda sankalankhula Chihebri pakhomo; chinali chilankhulo cha mapemphero ndi cha maphunziro, monga m'mene Chilatini chinaliri mu Eklezia. Eliezer Ben-Yehuda, amene anafika ku Jerusalem m'chaka cha 1881 namwalira mu 1922, ndi mmodzi mwa anthu amene analimbikira kuti chibwerere pakamwa pa ana. Malembo ndi omwewo, mau ambiri ndi omwewo, koma kagwiritsidwe ntchito ka aneni ndi kamangidwe ka chiganizo n'zosiyana kwambiri.

Kusiyanaku n'kofunika pogula. Maphunziro omvetsera otchuka monga a Pimsleur, amene phunziro lililonse limatenga pafupifupi mphindi 30, ndi a Chihebri cha makono. Chimodzimodzinso Hebrew Basic Course ya Foreign Service Institute ya ku America, imene inatuluka mu 1965 ndipo imapezeka mwaulere pa intaneti, pulogalamu ya pa foni ya Duolingo, ndi buku la Hebrew from Scratch limene amaphunzitsira alendo ku Israel. Zonsezi n'zabwino kwa munthu wofuna kupereka moni, kufunsa njira kapena kugula chakudya pa ulendo wa ku Malo Oyera. Ndipo tisaiwale kuti ku Israel kuli Akatolika olankhula Chihebri, amene amachita Misa m'chilankhulochi pansi pa Saint James Vicariate. Koma munthu akhoza kumaliza maphunziro onsewa natsegula buku la mneneri Yesaya n'kupeza kuti chitseko chikadali chotseka. Wofuna kuwerenga Baibulo aonetsetse kuti pachikuto pa buku pali mau akuti Biblical Hebrew kapena Classical Hebrew. Zotsatirazi zikukhudza Chihebri cha m'Baibulo.

Chifukwa chake Eklezia amalimbikitsa

Nkhoswe ya ophunzira Chihebri mu Eklezia ndi Jerome Woyera, amene timam'kumbukira pa 30 Seputembala. Iye anayamba kuphunzira ali kale munthu wamkulu, m'chipululu cha Chalcis ku Syria cha m'ma 375, kwa mmonke wina amene anali Myuda wotembenuka. M'makalata ake akufotokoza kuti ankataya mtima kawirikawiri, kuleka, kenaka n'kuyambiranso. Atakhazikika ku Bethlehem mu 386 anapitiriza ndi aphunzitsi Achiyuda, ndipo mmodzi wa iwo ankabwera usiku poopa anzake. Pakati pa zaka za 390 ndi 405 anamasulira mabuku a Chipangano Chakale m'Chilatini kuchokera ku Chihebri, ntchito imene inakhala tsinde la Baibulo la Vulgata. Mu 2020, pokumbukira zaka 1,600 chimwalirireni iye, malemu Papa Francis analemba kalata yotchedwa Scripturae Sacrae Affectus.

Papa Pius XII, m'kalata yake ya Divino Afflante Spiritu ya mu 1943, analimbikitsa akatswiri Achikatolika kudziwa zilankhulo zoyambirira za Baibulo. Msonkhano Waukulu Wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata cha Dei Verbum cha mu 1965, ndime 22, unafuna kuti Malembo amasuliridwe m'zilankhulo za anthu makamaka kuchokera ku zolembedwa zoyambirirazo, ndipo unalola kuti ntchitoyi ichitike mogwirizana ndi akhristu a mipingo ina. Buku Loyera, limene Bible Society of Malawi inatulutsa mu 1998, ndi chipatso cha mgwirizano wotere.

Tinene poyera kuti mkhristu sasowa Chihebri kuti amve Mau a Mulungu. Baibulo la Chichewa ndi Mau a Mulungu okwanira. Chihebri chimathandiza wophunzitsa kuona chifukwa chake mabaibulo awiri amasulira vesi limodzi mosiyana, ndiponso kuyankha modekha pamene mlaliki wina wasokoneza akhristu ndi mau akuti "m'Chihebri zikutanthauza zakutizakuti", zimene zikuchitika kawirikawiri pa wailesi ndi m'misika.

Tikumbukirenso kuti si Chipangano Chakale chonse chimene chili m'Chihebri. Mwa mabuku 46 a m'Baibulo la Akatolika, 39 ndiwo ali m'Baibulo la Chihebri, ndipo mkati mwake muli zigawo za Chiaramu, monga Daniele 2:4 mpaka 7:28 ndi Ezara 4:8 mpaka 6:18. Mabuku 7 otsalawo anatifikira kudzera m'Chigriki cha Septuaginta, ngakhale kuti gawo lalikulu la buku la Mphunzitsi Sira linapezeka m'Chihebri kuyambira mu 1896, m'chipinda chosungiramo zolembedwa zakale cha sunagoge wa ku Cairo.

Malembo, timadontho ndi khutu

Chihebri chili ndi malembo 22, amalembedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndipo asanu mwa iwo amasintha maonekedwe akakhala kumapeto kwa liwu. Malembo onsewa poyamba anali opanda liwu, ndiye kuti a, e, i, o, u sankalembedwa mokwanira. Tayerekezani kuti m'Chichewa talemba "mnth". Wowerenga ayenera kudziwa yekha, poona chiganizo, ngati tikunena munthu kapena mantha. M'Chihebri malembo atatu d-b-r akhoza kukhala davar, mau kapena chinthu, dibber, analankhula, kapena dever, mliri. Akatswiri Achiyuda otchedwa Amasorete, makamaka a ku Tiberias, ndiwo anaika timadontho ndi timizere pansi ndi pamwamba pa malembo, pakati pa zaka za m'ma 600 ndi m'ma 900, kuti katchulidwe kasatayike. Buku lakale kwambiri lokhala ndi Baibulo lonse la Chihebri ndi Leningrad Codex, ya cha m'ma 1008, yosungidwa ku St Petersburg. Baibulo la Chihebri limene limagwiritsidwa ntchito m'maseminale, Biblia Hebraica Stuttgartensia, lomwe linamalizidwa mu 1977, linatsata buku limeneli.

Malembo ena amafanana zedi: bet ndi kaf, he ndi het, ndiponso dalet ndi resh. Dalet ali ndi ngodya yakuthwa, resh ndi wokhota mozungulira. Kusiyana kwake n'kochepa m'maso koma n'kwakukulu m'tanthauzo, pakuti ehad, mmodzi, ndi aher, wina, amangosiyana pa lemba lomalizali. N'chifukwa chake alembi Achiyuda amalemba dalet wamkulu pa Deuteronomo 6:4 ndi resh wamkulu pa Eksodo 34:14, kuti wowerenga asasokoneze Mulungu mmodzi ndi mulungu wina. Wophunzira alembe malembowa ndi dzanja lake m'kope, akuwatchula mokweza, mpaka dzanja lizolowere. Masabata awiri kapena atatu amakwanira. Salimo 119 ndi lothandiza pano, chifukwa lili ndi zigawo 22 za mavesi 8, ndipo mavesi onse a chigawo chimodzi amayamba ndi lemba limodzi, motsata ndondomeko ya alifabeti.

Apa ndi pamene mau ojambulidwa amasanduka chinthu chosati n'kuchisiya. Buku lingafotokoze kuti het amatchulidwa kukhosi, koma palibe amene angam'tchule bwino asanamve. Ife olankhula Chichewa tili ndi misampha yathuyathu. Mabuku a Chingerezi akalemba kh, monga mu melekh, mfumu, sakutanthauza kh wa mu khasu, koma liwu lokanda kukhosi. Akalemba ph, monga mu Niphal, akutanthauza f, osati ph wa mu phala. Lilime lathu limasakaniza l ndi r popanda vuto, koma m'Chihebri qol ndi liwu pamene qor ndi kuzizira. Timakondanso kuwonjezera lemba la liwu kumapeto, n'kunena shalomu m'malo mwa shalom. Komano mwayi ulipo: m'katchulidwe ka ku Israel malembo a liwu ndi asanu, ofanana ndi athu, ndipo tsade amamveka ngati ts wa mu tsamba, liwu limene limavuta Angerezi koyambirira kwa mau.

Katchulidwe ka Chihebri kalipo kamitundu ingapo. Ayuda a ku Ulaya wa kummawa amati Shabbos pamene a ku Israel amati Shabbat. Mabuku ena a m'sukulu amatchula lemba lachisanu ndi chimodzi kuti waw, ena vav. Uphungu wathu ndi wakuti musankhe katchulidwe kamodzi n'kukhala nako, ndipo ka ku Israel ndiko kali ndi mau ojambulidwa ochuluka.

Kumene Chichewa chimatithandiza

Pafupifupi mabuku onse ophunzirira Chihebri analembedwera anthu olankhula Chingerezi, ndipo amathera masamba ambiri pofotokoza zinthu zimene kwa Mngerezi n'zachilendo koma ife tinaziyamwira. Wophunzira wochenjera amawerenga kufotokozako m'Chingerezi koma amaganiza m'Chichewa.

Mau ambiri a Chihebri amachokera ku muzu wa malembo atatu. Kuchokera ku m-l-k timapeza melekh, malkah ndi mamlakhah, monga ife timanenera mfumu, mfumukazi ndi ufumu. Mneni nayenso amasintha m'njira zikuluzikulu zisanu ndi ziwiri, zimene mabuku amazitcha Qal, Niphal, Piel, Pual, Hiphil, Hophal ndi Hithpael. Maina amenewa amaopseza ophunzira ambiri, chonsecho ndi abale a misintho ya aneni imene tinaphunzira ku pulayimale. Yada ndi kudziwa. Noda, wa Niphal, ndi kudziwika. Hodia, wa Hiphil, ndi kudziwitsa. Shama ndi kumva, nishma ndi kumveka. Zakhar ndi kukumbukira, hizkir ndi kukumbutsa. Qadosh ndi woyera, qiddesh ndi kuyeretsa, hitqaddesh ndi kudziyeretsa. Pamene Mngerezi afuna mau atatu kapena anayi kuti amasulire Hiphil, ife timangoika msintho wochititsa. Ngakhale liwu lakuti Hosana, limene timaimba pa Misa iliyonse, ndi Hiphil: hoshia, pulumutsani, ndi na, kaliwu kopembedzera monga chonde. Kufananaku sikuli kotheratu, ndipo Piel makamaka sakwana m'bokosi limodzi. Koma ngati poyambira, n'kothandiza kuposa matebulo a m'buku.

Chachiwiri ndi kafotokozedwe ka nkhani. Chihebri chikamasimba zochitika chimalumikiza aneni ndi kalemba ka vav kumayambiriro, chimodzi pambuyo pa chinzake. Mabuku amachitcha waw consecutive kapena wayyiqtol, ndipo amachifotokoza ngati chozizwitsa. Koma ndi chimene agogo amachita posimba nthano: anadzuka, natenga mkondo, napita kudambo, napeza njati. Omasulira Buku Lopatulika, limene linatuluka mu 1922, anagwiritsa ntchito na- ameneyu kwambiri, ndipo ndicho chifukwa china chimene Chichewa chawo chimamvekera ngati chikuyenda m'mapazi a Chihebri. Chachitatu ndi kubwereza mneni potsindika. Ife timati kubwera adzabwera, kapena kudya ndadya. Chihebri chimachita chimodzimodzi, monga pa Genesis 2:17, pamene mneni wa kufa wabwerezedwa. Chihebrinso chimamata mlowam'malo ku mneni, monga ife timachitira mu anandiona, ngakhale kuti icho chimamata kumapeto.

Pali zina zimene Chichewa sichitithandiza. Dzina lililonse la Chihebri ndi lachimuna kapena lachikazi, ndipo mneni amatsata. Ngakhale liwu lakuti iwe limasiyana: attah kwa mwamuna, at kwa mkazi. Ulemu wathu wonena inu kwa munthu mmodzi mulibe. Wopemphera m'Masalimo amalankhula kwa Mulungu ndi liwu lomwelo limene angalankhulire kwa mnzake. Komanso mneni wa Chihebri sasonyeza nthawi momveka bwino monga -na-, -ku- ndi -dza- athu. Amasonyeza makamaka ngati ntchito ikuonedwa yathunthu kapena yosamalizika, ndipo nthawi yake imadziwika poona nkhani yonse.

Mabuku ophunzirira

Posankha buku munthu wophunzira payekha afunse mafunso awiri: kodi mayankho a ntchito zoyeserera alipo, ndipo kodi pali mau ojambulidwa oyenda nalo? Buku lopanda mayankho linalembedwera kalasi yokhala ndi mphunzitsi. Wokhala yekha akhoza kubwereza cholakwa chimodzi miyezi itatu osadziwa.

Mabuku awiri akale amene amapezeka m'malaibulale a maseminale ndi m'mashelefu a ansembe achikulire ndi A Practical Grammar for Classical Hebrew la J. Weingreen, lotuluka mu 1939 ndi kukonzedwanso mu 1959, ndi Introduction to Biblical Hebrew la Thomas Lambdin, la mu 1971. La Weingreen ndi lolongosoka bwino ndipo limauza wophunzira kumasulira kuchokera ku Chingerezi kupita ku Chihebri, ntchito yowawa koma yokhwimitsa. La Lambdin ndi lakuya, makamaka pa kamangidwe ka ziganizo, koma limadalira kwambiri kulemba Chihebri ndi malembo athu, zimene zimachedwetsa diso kuzolowera malembo enieni. Mayankho ake ali m'kabuku kapadera ka H. G. M. Williamson. Ife sitingam'patse katekisiti limodzi la mabuku awiriwa kuti likhale loyambira, pokhapokha ngati ndilo lokhalo lopezeka. Koma monga buku lachiwiri, lobwerezera, onsewa ndi abwino.

Biblical Hebrew: An Introductory Grammar la Page Kelley, la mu 1992, limatenga zitsanzo zake m'Baibulo momwemo ndipo lili ndi buku linzake la mayankho. Basics of Biblical Hebrew la Gary Pratico ndi Miles Van Pelt, lotuluka koyamba mu 2001 ndi kachitatu mu 2019, limafotokoza pang'onopang'ono m'Chingerezi chosavuta, ndipo lili ndi buku la ntchito, makadi a mau ndi maphunziro a pa vidiyo. Vuto lake ndi mtengo, pakuti zonsezi zimagulidwa padera, komanso limafuna kuloweza matebulo ambiri munthu asanayambe kuwerenga nkhani yeniyeni.

Mabuku amene analembedwa poganizira munthu wokhala yekha ndi The First Hebrew Primer, la kampani ya EKS, lokhala ndi maphunziro 30 ndipo limalowetsa wophunzira m'buku la Rute, ndi Learn Biblical Hebrew la John Dobson, limene limayenda ndi mau ojambulidwa. La Dobson silitsata njira ya kuloweza malamulo poyamba. Limapatsa wophunzira ziganizo zazifupi, Chihebri mbali ina ndi Chingerezi mbali ina, kuti aphimbe mbali imodzi n'kudziyesa, ndipo galamala imabwera munthu ataona kale zitsanzo zambiri. M'maganizo athu, kwa katekisiti amene Chingerezi chake ndi cha fomu 4 ndipo nthawi yake ndi ya madzulo atachoka kumunda kapena kuntchito, ili ndilo loyenera kuyamba nalo.

Mabuku akuluakulu a galamala, monga la Gesenius kapena la Bambo Paul Joüon, wa chipani cha Ajezuiti, lolembedwa m'Chifalansa mu 1923 ndi kukonzedwa m'Chingerezi ndi Takamitsu Muraoka mu 1991, ndi ofufuziramo, osati ophunzirira. Woyamba kumene asawagule. Pa za mtanthauziramau, wa William Holladay wa mu 1971 ndi wokwanira zaka zambiri, ndipo mau ake ali m'ndondomeko ya alifabeti. Wa Brown, Driver ndi Briggs wa mu 1906 umapezeka mwaulere pa intaneti, koma unasanja mau potsata mizu yake, kotero kuti munthu amene sanadziwe kupeza muzu amasochera.

Mau ojambulidwa

Zomvetsera zili m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi maphunziro ophunzitsa chilankhulo ndi khutu. Living Biblical Hebrew ya Randall Buth imayamba ndi zithunzi ndi mau okhaokha: wophunzira amaona chithunzi namva Chihebri chake, popanda kumasulira, asanaone lemba ngakhale limodzi. Njira yomweyi ndiyo imatsatidwa ndi Aleph with Beth, mavidiyo aulere a Andrew ndi Bethany Case amene anayamba kutuluka pa YouTube mu 2020. Mavidiyowa ali m'Chihebri chokhachokha, choncho safuna Chingerezi, ndipo eni ake amalola kuwakopera ndi kuwagawa. Munthu mmodzi wokhala ndi intaneti ku parishi angawaike pa memori khadi n'kugawira anzake a kumidzi, popanda wina kuthera ndalama pa bandulo.

Gulu lachiwiri ndi kuwerengedwa kwa Baibulo lenilenilo. Mau otchuka kwambiri ndi a Bambo Abraham Shmuelof, amene anabadwira ku Jerusalem mu 1913 m'banja Lachiyuda, nakhala wansembe wa Katolika, namwalira mu 1994. Iwo anawerenga Baibulo lonse la Chihebri, chaputala ndi chaputala, momveka bwino, ndipo mau awo amapezeka mwaulere pa intaneti. Kagwiritsidwe kake ndi aka: mvetserani vesi mukutsata ndi chala m'buku, imitsani, liwerengeni mokweza, mvetseraninso. Poyamba adzakuthamangirani, pakapita miyezi mudzayendera limodzi. Ubwino wina wa khutu ndi wakuti limagwira ntchito pamene manja atanganidwa, paulendo wa pa minibasi kapena popalira.

Komano kumvetsera kokha sikukwanira. Munthu wongoonera mavidiyo amamva kukoma kwa kuzindikira mau, koma akakumana ndi mneni wachilendo alibe chida chom'masulira. Buku limapereka chifukwa, khutu limapereka chizolowezi, ndipo ziwirizi ziyende tsiku lomwelo.

Kayendedwe ka ulendo

M'sukulu galamala yoyambira imatenga chaka chimodzi. Wophunzira payekha ayembekezere chaka chimodzi kapena ziwiri. Mphindi 30 tsiku lililonse zimaposa maola anayi Loweruka lokha, pakuti chilankhulo chimaiwalika msanga chikasiyidwa. Baibulo la Chihebri lili ndi mau osiyanasiyana oposa 8,000, koma ambiri mwa iwo amapezeka kamodzi kapena kawiri, pamene mau mazana ochepa amabwerezedwa pa tsamba lililonse. Lowezani obwerezedwawo poyamba, pa timapepala todula kapena pa pulogalamu yaulere ya Anki.

Chitunda chimene ambiri amatopera ndi cha aneni amene mabuku amawatcha ofooka, amene lemba lina la muzu limasowa. Natan ndi anapereka, koma adzapereka ndi yitten, ndipo pereka ndi ten. Halakh ndi anapita, koma pita ndi lekh. Aneni otere ndi amene amapezeka kwambiri m'Baibulo, kotero sangalambalalidwe. Mukafika pamenepa chepetsani liwiro, ndipo muwagwire ndi khutu monga m'mene mwana amagwirira kuti mwini ambiri ake ndi eni, osafunsa lamulo. Apanso ndi pamene mnzanu amafunika. Awiri kapena atatu a m'parishi imodzi akamakumana kamodzi pa sabata, kuwerengerana mokweza ndi kuchongerana ntchito, kuleka kumavuta. Ndipo musachite manyazi kufunsa Bambo Mfumu kapena seminale amene ali pa tchuthi.

Dzina la Mulungu, ndi chenjezo kwa ophunzitsa

Pa masamba oyamba wophunzira adzakumana ndi malembo anayi, yod, he, vav, he, dzina la Mulungu limene limapezeka kopitirira ka 6,800. Ayuda salitchula, pofika pamenepo amawerenga Adonai, ndiye kuti Ambuye, ndipo mudzamva zomwezo m'mau ojambulidwa. Amasorete anaika pa malembo anayiwo timadontho tokumbutsa wowerenga kunena Adonai. Pambuyo pake akhristu a ku Ulaya anawerenga malembowo pamodzi ndi timadonthoto, n'kutuluka dzina lakuti Jehovah, limene Buku Lopatulika linalemba kuti Yehova. Buku Loyera linasankha Chauta. Septuaginta inamasulira Kyrios ndipo Vulgata inati Dominus, onsewa kutanthauza Ambuye. Mu 2008 nthambi ya ku Vatican yoona za Chipembedzo inalembera maepiskopi kuti dzinali lisamatchulidwe pa Misa, m'nyimbo kapena m'mapemphero, potsata mwambo wakalewo. Katekisiti wodziwa mbiri imeneyi sangagwedezeke pamene wina am'neneza kuti Akatolika anabisa dzina la Mulungu.

Koma Chihebri chochepa chili ndi ngozi yake. Munthu akadziwa malembo napeza buku la manambala a James Strong, la mu 1890, amayesedwa kutenga matanthauzo onse a liwu n'kuwathira m'vesi limodzi, kapena kumanga chiphunzitso pa kufanana kwa mizu. Lehem ndi mkate ndipo milhamah ndi nkhondo. Malembo a muzu ndi omwewo, koma zimenezi sizitiphunzitsa kanthu za Ukaristia. Mlendo wophunzira Chichewa atati mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika ndi chinsinsi chimodzi, tingam'seke. Tanthauzo la liwu limadziwika m'chiganizo. Ndipo mukaona kuti kumasulira kwanu kukusiyana ndi mabaibulo onse amene muli nawo, bwererani ku galamala musanakaime pamaso pa mphakati.

Zoyamba kuwerenga

Musayambe ndi Yobe kapena aneneri. Ndakatulo zawo zimavuta ngakhale akatswiri. Masalimo nawonso, ngakhale timawakonda, adikire pang'ono. Yambani ndi nkhani zosimba: Yona, wa mavesi 48, Rute, wa mavesi 85, Genesis 22, kenaka mbiri ya Yosefe kuyambira Genesis 37. Buku lotchedwa A Reader's Hebrew Bible, la mu 2008, limaika m'munsi mwa tsamba tanthauzo la liwu lililonse lopezeka kosakwana ka 100, motero limapulumutsa nthawi yofufuza. Amene sangathe kuligula agwiritse ntchito STEP Bible, yaulere, yokonzedwa ndi akatswiri a ku Tyndale House ku Cambridge, imene imasonyeza tanthauzo ndi mtundu wa liwu lililonse.

M'mabuku ang'onoang'onowa mphotho imayamba kuoneka. M'buku la Yona mneni yarad, kutsika, amabwerezedwa: mneneriyo atsikira ku Yopa, atsikira m'chombo, atsikira m'kati mwake, mpaka atsikira pansi pa nyanja, ndipo wowerenga amaona kuti kuthawa Mulungu kwalembedwa ngati ulendo wotsetsereka. M'buku la Rute liwu lakuti hesed, limene omasulira amalitcha chifundo, kukoma mtima kapena chikondi chosasinthika, lili pa 1:8, 2:20 ndi 3:10, ndipo ndi liwu lomwelo limene limabwerezedwa m'mavesi onse 26 a Salimo 136 ponena za Mulungu. Pa Genesis 2:7 munthu ndi adam ndipo dothi ndi adamah.

Poyerekeza ndi Baibulo la Chichewa, musadabwe manambala akasiyana. Vesi limene m'mabaibulo ena ndi Yona 1:17, m'Chihebri ndi 2:1. M'Masalimo ambiri mau a pamutu amawerengedwa ngati vesi loyamba, choncho manambala amatsogola ndi limodzi kapena awiri. Malaki ali ndi machaputala atatu m'malo mwa anayi, ndipo Yowele ali ndi anayi m'malo mwa atatu. Ndondomeko ya mabuku nayonso ndi ina: Malamulo, Aneneri, kenaka Zolembedwa, kotero kuti Rute simudzam'peza pambuyo pa Oweruza koma kufupi ndi Miyambo ndi Nyimbo ya Solomoni, ndipo buku limatsegulidwa kuchokera kumene ife timati kumapeto.